Mabanzi a Mchombo

Alamu anga analowa m'shopu yanga Lachitatu madzulo, epuloni idakali m'chiuno, maso ali psuu. Munthu amene waphikira ana asukulu kwa zaka khumi ndi zinayi sayenda mumsewu atavala epuloni. Amaivula, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'chikwama. Nditangowaona choncho ndinachotsa phazi pa makina osokera.

Anadziponya pampando wa makasitomala osapereka ndi moni womwe. Ndinawathirira tiyi wa m'fulasiki, ndipo nkhani inayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati ulusi wokodwa m'makina. Kusukulu kunkasowa mabanzi, asanu tsiku lililonse, ndipo inali sabata yachitatu. Masana amenewo achiwiri kwa ahedi, amene ana amawatcha a Wotchi, anawaitanira mu ofesi n'kuwauza kuti Lachisanu teni koloko komiti ya sukulu ikhala pansi. Akalephera kufotokoza kumene mabanziwo akulowera, ntchito yatha, ndipo nkhaniyo ipita kupolisi.

"Ntchito ikhoza kupita, alamu," anatero. "Koma dzina langa? Ana aja amanditchula kuti amayi. Ndiye azidzauzana kuti amayi ankatibera chakudya?"

Awa ndi akazi a malemu achimwene anga, ndipo ndikawaona akulira ndimamva ngati achimwene akundikodola kuchokera kumene ali. Komanso ndinene chilungamo, ndinapsa mtima. Mayi ameneyu akatola batani mumsewu amafunsa mwini wake. Ine ndine telala chabe, kusukulu ya apolisi sindinapondeko, koma chipezereni mphete yaukwati ya mwana wa eni nyumba yanga, anthu amandibweretsera nkhani zawo limodzi ndi mathalauza ong'ambika. Ndinawauza alamu kuti apukute misozi, andifotokozere mmene banzi limayendera kuchokera pageti mpaka m'kamwa mwa mwana.

Galimoto ya kubekale imafika seveni koloko. A Wotchi amawerenga mabanzi onse okha, limodzilimodzi, kenako makireti amalowetsedwa m'sitolo ya kukhitchini n'kukiya. Makiyi ndi awiri basi, wina wa a Wotchi, wina wa alamu anga. Teni koloko ana a kalasi yoyamba ndi yachiwiri amalandira banzi ndi kapu ya mkaka. Makalasi enawo salawa kanthu mpaka nthawi ya chakudya chamasana. Mabanzi a ana amene ajomba tsikulo amawerengedwanso, n'kubwezedwa kwa dalaivala mmawa wotsatira. Pa kuwerenga kwachiwiriku ndi pamene asanu ankaperewera.

Loko sanathyoledwepo, denga lilibe chibowo. Nditafunsa za makoswe, alamu anati nawonso poyamba ankaganiza choncho, chifukwa kawiri konse anapeza banzi litagwa pansi, lili ndi bowo. Anatchera msampha, koma sabata zitatu msamphawo unangogwira fumbi. Ndinawafunsa kuti bowolo linali lotani.

"Kabowo kamodzi, pakati penipeni, kozungulira bwino."

"Osalumidwa m'mbali?"

"Ayi ndithu. Lonse lamphumphu."

Khoswe waulemu chotero ine sindinamuonepo. Ndinawauza kuti apite akagone, mawa akagwire ntchito ngati palibe chachitika, ndipo akandiona kusukuluko asandidziwe.

* * *

Lachinayi mmawa ndinakoleka tepi yoyezera m'khosi, n'kunyamula mtolo wa mayunifolomu atsopano amene sukuluyo inandipatsa kuti ndisoke. Telala amalowa paliponse, bola akhale ndi mtolo m'khwapa.

Pageti ndinapeza amlonda, bambo wojintcha amene sangakuuze nthawi asanayambe wafotokoza mmene anagulira wotchi yake. Ndinangotchula mawu akuti banzi, iwo n'kutsegula pakamwa ngati mpopi. Anati pageti pawo sipatuluka ngakhale nyenyeswa, chifukwa maso awo anaphunzitsidwa ntchito kalekale achinyamata a masiku ano asanabadwe. Anati chiyambireni sabata yatha analamulidwa kuti azisecha chikwama cha amayi ophika madzulo aliwonse, ndipo zimene apezamo mpaka pano ndi mpango, chipeso ndi buku la nyimbo. Apa mawu awo anatsika, anayang'ana pansi, n'kunena kuti ntchito imeneyo ikuwachititsa manyazi kuposa kugona pa ntchito.

Kenako anadandaula za nthawi zatsopano za chakudya. Ana anachuluka, holo yodyera inachepa, ndiye a Wotchi anagawa odyawo magulu atatu. Ang'onoang'ono amadya thwelofu koloko, apakati kotala tu wani, otsalawo hafu pasiti wani. Ogulitsa zinthu pageti anathamangitsidwanso chifukwa cha zinyalala. Amlonda anati ikamakwana thwelofu ana a gulu lomalizalo amayenda ngati anyowa ndi mvula, ndipo zonsezi zinayamba mwezi watha. Ndinasunga mawu amenewo, chifukwa mabanzi anayamba kusowa patangopita sabata imodzi kuchokera pamenepo.

A Wotchi ndinawapeza mu ofesi akulemba mizere ndi rula. Ndi munthu wowonda, wa tayi yomangidwa mpaka pakholingo, ndipo amayankhula ngati akuwerenga chidziwitso. Ankadziwa kuti ndine mlamu wa amayi ophika, choncho sindinabise chimene ndabwerera. Anandipatsa mphindi zisanu, n'kuyang'ana pa mkono kuti ziyambe.

"Mayi, ine ndilibe chifukwa ndi munthu aliyense," anatero. "Makiyi ndi awiri. Wanga ndi uyu." Anasolola chingwe m'khosi, kiyi ali lende. "Kuyambira hafu pasiti seveni mpaka teni ndimakhala ndikuphunzitsa masamu pamaso pa ana makumi asanu. Mukafuna kafunseni aliyense wa iwo. Pawiri mukachotsapo chimodzi, patsala chiyani?"

Ndinawayankha kuti masamu awo ndi olondola, koma ndikupempha kuona sitoloyo ndi maso anga. Anausa moyo, n'kunditsogolera.

Kanali kachipinda kakang'ono konunkhira buledi ndi sopo. Makireti anali pa tebulo kukhoma la mkati, lapamwambalo losavundikira. Moyang'anana nalo kunali zenera limodzi lopanda galasi, lotchingidwa ndi zitsulo zopingasa. A Wotchi anaona kumene ndikuyang'ana, n'kunena kuti zimenezo anaziganizira kale, palibe mkono wa munthu umene ungafike pa tebulo kuchokera pamenepo. Ndinavula tepi m'khosi n'kuyeza. Mamita awiri kuperewera chikhatho chimodzi. Ankanena zoona.

Komabe ntchito yanga inandiphunzitsa kuti chovala chimaulula mwini wake pamene chaperepeseka. Chitsulo cham'munsi cha zeneralo chinali ndi penti yobiriwira ponseponse, kupatula malo amodzi pakati, pamene pentiyo inasupuka mpaka chitsulo kuwala, ngati pali chinthu chimene chimakhulapo tsiku ndi tsiku. Pansi pake panali kafumbi koyera. A Wotchi anati ndi ufa wa tirigu, muno ndi m'khitchini. Ndinanyowetsa chala n'kutikita kafumbiko. Ufa ukanyowa umamata. Aka sikanamate, kanangosiya mzere woyera pa chala.

"Ndi choko ichi," ndinatero.

"Pasukulu pano pali aphunzitsi khumi ndi anayi, mayi, ndipo onse amagwira choko."

Anakweza mkono kuti andionetse kuti mphindi zanga zatha. Pa mkono wa jekete lawo, kuyambira pa wotchi mpaka pa chigongono, panali mbuu ndi choko.

* * *

Ndinabwerera kushopu mutu ukuzungulira. Ndinkafunitsitsa kuti wakubayo akhale a Wotchi, sindikana, chifukwa munthu amene waliza mlamu wako umamufunira zoipa. Koma munthu amene ali ndi kiyi m'khosi angavutikirenji ndi zenera? Ndipo bambo uja, mmene ndinamuonera, banzi limodzi likhoza kumukwanira masiku awiri.

Maganizo akandithina ndimasoka zigamba. Ndinakoka dengu la zovala zong'ambika n'kuyamba ntchito. Ndili ndi chizolowezi chimene anzanga amandiseka nacho: chovala chilichonse ndisanachilowetse pa makina, ndimayamba ndatembenuza matumba ake onse. Ndinachiyamba kalekale lezala la m'thumba la kasitomala litandicheka chala, ndipo m'matumba a ana asukulu ndapezamo zinthu zoti munthu akhoza kutsegula nazo sitolo. Mabatani, miyala, zivundikiro za mabotolo, tsiku lina chule wouma.

Diresi loyamba, nyenyeswa za buledi mumsoko wa thumba, ndi kadontho ka mafuta pansalu. Sindinalabadire. Kabudula wachiwiri, chimodzimodzi. Pa diresi lachitatu ndinaima. Ndinayala zovala zitatuzo pa tebulo n'kuziyang'ana bwino. Sizinali za tiana ta kalasi yoyamba tolandira mabanzi, zinali za ana a zaka khumi. Ndinatembenuza makolala, pamene ndimalemba kalasi ya mwana ndi inki yosafufutika kuti zovala zisasokonekere. Zonse zitatu zinali za kalasi yachinayi, imene imadya hafu pasiti wani ndipo silandira banzi.

Mwayi unandigwera madzulo omwewo. Mwini wa diresi lachitatu anabwera kudzalitenga ndi amayi ake, mayi wogulitsa mazira amene amakhala kutali, kuseri kwa njanji. Ndinawachedwetsa dala, ndikunamizira kuti batani limodzi latsala. Mayiyo ndi wofatsa, woyankhula motsitsa ngati akuopa kuswa mazira ake. Anandiuza kuti iwo ndi mwanayo amanyamuka kunyumba kusanache bwino, nthawi zambiri osaika kanthu m'kamwa, chifukwa moto wa mmawa umadya nthawi. Mwezi watha mwanayo anakomoka m'kalasi cha m'ma leveni, mpaka anamuthira madzi. Koma masiku ano, anatero mayiyo, zikuoneka kuti thupi lazolowera, sadandaulanso za njala.

Ndinali nditagula mabanzi awiri a kubekale komweko kuti ndimwere tiyi. Ndinatenga limodzi n'kupatsa kamtsikanako. Kanalandira ndi manja awiri, kanathokoza, koma sikanalume. Kanalitembenuza uku ndi uku ngati kakufuna chinachake.

"Bwanji, mwanangu, lavunda?"

"Ayi. Kungoti ili lilibe mchombo."

"Mabanzi amakhala ndi mchombo?"

"Athu amakhala nawo. Pakati apa." Kanaloza ndi chala, kenako kanazindikira kuti kayankhula zambiri, n'kutseka pakamwa ndi banzi lomwelo.

Amayi ake anafunsa kuti athu ake ati, koma mwanayo anangoti analonjeza kuti sadzanena, maso ali pansi. Sindinamukakamize. Mwana wosunga lonjezo sumuthyola, umangomuzungulira. Ndinayamba kumufunsa za sukulu, phunziro limene amalikonda, ndi zimene amachita mmawa belu likangolira. Anamasuka. Anati aphunzitsi awo, amene aliyense amawatcha a Mapu, amawapatsa ntchito yojambula mitsinje ndi mapiri ikakwana hafu pasiti eyiti, iwo n'kutuluka kukakutumula fumbi la mapu kuseri.

"Amakutumula ndi chiyani?"

"Ndi ndodo yawo ija yokolekera mapu pamwamba pa bolodi. Yaitali kuposa chitseko. Ili ndi msomali kunsonga."

Batani lija ndinalisoka mokhota, koyamba m'zaka makumi awiri.

* * *

Lachisanu, kotala pasiti eyiti, ndinali nditakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa thanki ya madzi, kumbuyo kwa khitchini. Amlonda anandilowetsa osafunsa zambiri, chinthu chimene kwa iwo chinali nsembe yaikulu. Kumeneko nthaka ndi yokwera, moti zenera la sitolo, limene mkati limaoneka lapamwamba, kunjaku limafika pa chifuwa cha munthu. M'khitchini ndinkamva alamu anga akutsuka miphika. Tsiku lina lililonse akanakhala akuimba.

Hafu pasiti eyiti itangopitirira, anatulukira a Mapu. Bambo wamtali, wa imvi, wa jekete la zigamba m'zigongono, zigamba zimene ndinasoka ndine. Kudzanja lina mapu opindidwa, kwinaku ndodo. Anayang'ana uku ndi uku, anatsamiritsa mapu kukhoma, n'kulowetsa ndodo ija pakati pa zitsulo, ikutsetsereka pa malo osupuka aja. Anatseka diso limodzi, lilime lili panja pang'ono. Dzanja linagwedezeka kamodzi, kenako anayamba kukoka pang'onopang'ono, mpaka banzi linatulukira pazenera lili pa msomali. Analichotsa, analipukuta ndi mpango woyera, n'kuliika m'kathumba ka pepala.

Ndinayembekezera kuti ndikadzamuona wakubayo ndidzalusa. M'malomwake ndinadzigwira pakamwa kuti ndisaseke, ndipo nthawi yomweyo mtima unatsika, phee, ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Alamu anga anali atapulumuka. Ndinawasiya mpaka anavuula lachinayi.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Nsomba zikudya lero?"

Ndodo inagwera mkati theka, iwo n'kuigwira msangamsanga. Anandiyang'ana, anayang'ana tepi ya m'khosi mwanga, ndipo nkhope yawo inagwa. Sanayese n'komwe kunama. Anakhala pa mwala, kathumba kali pa maondo, n'kuyamba kufotokoza ndi mawu a m'kalasi, odekha, ngati akulongosola kumene mtsinje umayambira.

M'kalasi mwawo munali ana asanu ochokera kutali, amene amafika m'mimba muli pululu. Kale ankapirira mpaka thwelofu. Chisinthireni nthawi, ikamakwana leveni mitu inkagwera pa madesiki umodziumodzi, ndipo tsiku limene kamtsikana kaja kanakomoka, anakanyamula okha m'manja, kopepuka ngati mtolo wa mapepala. Analemba kalata ku ofesi kupempha kuti asanuwo azilandirako banzi. Sanayankhidwe. Analembanso yachiwiri. Sabata yoyamba ankawagulira ndi za m'thumba mwawo, koma thumba la mphunzitsi wolera zidzukulu zinayi silipita patali. Tsiku lina akukutumuladi mapu kuseri kuno, anasuzumira pazenera, anaona kireti, n'kuyang'ana ndodo imene inali m'manja mwawo.

Ndinawafunsa ngati akudziwa amene akusenza mlandu wawo. Apa mawu a m'kalasi aja anatha. Anati anamva Lachitatu, ndipo chimvereni chakudya sichikutsika. Anatulutsa envelopu m'thumba la jekete, yopindikapindika chifukwa chogwiridwagwiridwa. Inali kalata yovomera zonse. Dzulo anafika nayo pakhomo la ofesi kawiri, kawiri konse n'kubwerera.

"Kwatsala miyezi inayi kuti ndipume pa ntchito, mayi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi popanda banga. Ndine wamantha, ndavomera."

"Nanga lero mwabweranso bwanji, mukudziwa zonsezi?"

"Chifukwa njala yabweranso lero."

Ndinawauza kuti komiti ikhala teni koloko, ndipo mayi amene akutsuka miphika mkatimo ali ndi ana awiri ndi dzina limodzi. Ndinati ine ndikhoza kukanena zimene ndaona, koma ndine mlamu wake, adzati ndikuikira kumbuyo wachibale. Mawu oyeretsa mayi uja anali m'envelopu mwawomo. Kenako ndinawakumbutsa kuti m'kathumbamo muli anayi okha, ndipo ana ndi asanu.

Anaimirira, n'kuvuula lachisanu. Ananyamula mapu awo n'kumapita osandiuza ngati abwera kapena ayi.

* * *

Komiti inakhala mu ofesi ya ahedi, anthu asanu kuzungulira tebulo. Wapampando anali mayi wina, namwino wopuma pa ntchito, wa magalasi okhuthala. Alamu anga anakhala pa benchi pafupi ndi chitseko, atavala diresi lawo la kutchalitchi, manja ali pa maondo. Ine anandilola kukhala pambali pawo ngati wachibale, pa pangano loti ndisatsegule pakamwa mpaka atandifunsa.

A Wotchi anawerenga lipoti lawo, tsiku ndi tsiku, asanu ndi asanu, mpaka dzulo lake. Anamaliza ndi masamu awo aja a makiyi awiri. Wapampando anafunsa alamu ngati ali ndi chonena. Anaimirira n'kunena kuti sanatengepo kanthu, ndipo alibe umboni wina koma zaka khumi ndi zinayi zimene agwira pamenepo. Mawu awo anali aang'ono moti bambo wina wa komiti anapempha kuti abwereze.

Ine maso anali pa chitseko. Teni koloko inapitirira ndi mphindi khumi, kenako khumi ndi zisanu. Ndinali nditakonzeka kuswa pangano lija n'kuwakokera onse kuzenera, koma ndinkadziwa kuti penti yosupuka ndi nyenyeswa za m'thumba sizingalimbane ndi lipoti lolembedwa ndi rula. Wapampando anavula magalasi, n'kunena kuti ngati palibe china, komiti ipempha amayi ophika kuti adikire panja.

Chitseko chinagogodedwa. Choyamba kulowa chinali ndodo, chifukwa sikanatha kulowa choimirira. Inadutsa pamwamba pa mitu ya a komiti, onse n'kuwerama, ndipo pambuyo pake panabwera a Mapu. Anaigoneka pa tebulo, pambali pake n'kuika envelopu ija.

"Wakuba amene mukumufuna ndine," anatero. "Kiyi wanga ndi ameneyu. Ndachedwa chifukwa ndimadikira kuti ana amalize kudya."

Anafotokoza zonse ataimirira, osadzichepetsera mlandu ngakhale pang'ono. A Wotchi poyamba anati n'zosatheka, mpaka ndinapatsidwa mpata woyeza ndodoyo ndi tepi yanga pamaso pa onse. Mamita awiri ndi theka. Nkhani ya makalata awiri itatchulidwa, wapampando anabwezera magalasi pamphuno n'kufunsa kuti makalatawo ali kuti. A Wotchi anatuluka, anabwera ndi faelo yolembedwa kuti zodikira, ndipo makalata onse awiri anali momwemo, osatsegulidwa. Anati ankafuna kudzawaona kumapeto kwa teremu, monga mwa dongosolo.

Ndiwapatse ulemu wawo bamboyo. Anatembenukira kwa alamu anga, anaima njo, n'kupepesa ndi mawu omveka, kuti analakwitsa ndipo anawachititsa manyazi popanda chifukwa. Alamu anangogwedeza mutu. Misozi inali ikutsika, koma inali ina, yosiyana ndi ya Lachitatu.

Kenako alamu anaimirira n'kupita pamene panali a Mapu. Ndinaganiza kuti mbama ilira, ndipo sindikanawaletsa.

"Aphunzitsi, mukudziwa kumene mabanzi a ana ojomba amapita?"

A Mapu anapukusa mutu.

"Tsiku lililonse amatsala asanu ndi awiri, nthawi zina khumi. Ndimawabweza kwa dalaivala, iye amakapatsa nkhumba zake. Ine ndimakhala mkatimo kuyambira sikisi koloko, chitseko cha khitchini chili chotsegula. Inu kumavutika ndi ndodo kuseri, ine kumatchera makoswe kutsogolo. Mukanangogogoda."

A Mapu anagwira chipewa ndi manja onse awiri, n'kunena kuti ankaopa kuwalowetsa m'mavuto. Alamu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo wapampando ndi amene anayamba kuseka, kenako ofesi yonse.

Zotsalazo zinatha msanga. A Mapu anapatsidwa kalata ya chenjezo, ndipo wapampando ananena poyera kuti kuba ndi kuba ngakhale kukhale ndi chifukwa, koma ntchito yawo aimaliza. Za apolisi sizinatchulidwenso. Anagwirizana kuti mabanzi otsala asamabwererenso kubekale, azipita kwa ana ochokera kutali a makalasi odya mochedwa, ndipo magulu atatu aja azisinthana nthawi sabata ndi sabata. Amene anapatsidwa ntchito yolemba ndondomeko yatsopanoyo ndi a Wotchi omwe, ndipo anatulutsa rula nthawi yomweyo.

* * *

Lolemba ndinapitanso kusukuluko, ulendo uno ndi mayunifolomu aja, nditamaliza kuwasoka, oti ndipereke. Amlonda anandiimitsa pageti kuti andiuze kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi, ankangodikira kuti ena afike pamene iwo anafika kale. Ndinawayamikira chifukwa cha kuleza mtima kwawo.

Kukhitchini kunkamveka nyimbo. Ndodo ija inali itakolekedwa pamwamba pa chitseko. Alamu anailanda, akuti ndi yabwino kuchotsera akangaude kudenga, ndipo a Mapu azidzaibwereka akafuna kukoleka mapu, atagogoda kaye. Tiana ta makalasi awiri oyamba titamaliza kulandira, panabwera kamzere kena kafupi, a Mapu ali kumbuyo kwake, manja ali kumsana ngati mlendo.

Kamtsikana ka mayi wa mazira kanali koyamba. Kanalandira banzi ndi manja awiri, kanalitembenuza uku ndi uku, n'kuyang'ana aphunzitsi ake mokayika. Anzake anayi aja nawonso ankayang'ana awo chimodzimodzi, palibe woluma.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Alibe mchombo," kanatero motsitsa. "Ndi athudi amenewa?"

Alamu anga anayang'ana a Mapu, a Mapu anayang'ana kudenga. Kenako alamu anapukuta manja pa epuloni, anatenga supuni yoyera, n'kuboola banzilo ndi chogwirira chake, pakati penipeni. Anabooleranso ena anayiwo, limodzilimodzi.

"Ndi anu," anatero. "Idyani msanga belu lisanalire."